Chifuwa ndi chimfine m'nyengo yachisanu: uchi, nthunzi ya bulugama, mchere, adyo kapena nimu?

Juni akangolowa, chiperoni n'kuyamba kuwaza ku Thyolo ndi ku Mulanje, mwera n'kumaomba kunyanja, m'nyumba zambiri simugonekanso bwino ndi kutsokomola. Chimayamba ndi mwana wa kusukulu, kenako mng'ono wake, pomalizira bambo a m'nyumba, amene akadwala chimfine mudzi wonse umadziwa. Ndipo banja lililonse lili ndi mankhwala ake amene linalandira kwa makolo. Ena ndi a nthunzi ya bulugama, ena sagona osamwa mandimu ndi uchi, ena amatafuna adyo, ena akangomva thupi kuphwanya amathamangira masamba a nimu. Aliyense amalumbira kuti ake ndiwo enieni.

Onsewo ali ndi umboni, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Chimfine chimabwera ndi mavairasi, ndipo thupi la munthu limachigonjetsa lokha m'masiku 7 mpaka 10, ngakhale kutsokomola kumatha kutsalira mpaka milungu itatu. Munthu amayamba kumwa mankhwala tsiku lachitatu pamene matenda afika pachimake, pofika Loweruka wachira, ulemu wonse n'kupita kwa masamba. Akanamwa madzi ofunda okha akanachiranso tsiku lomwelo. Choncho pa njira zonse zimene zili pansipa palibe yopha vairasi. Zimasiyana pa kuchepetsa ululu, pa zimene zimakudyerani, ndi pa ngozi imene zingabweretse m'nyumba.

Muyeso wake

Njira iliyonse ndaiyesa pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo mtengo si ndalama zokha: masamba aulere amene amafuna makala oti mukanaphikira nyemba si aulere. Chachiwiri ndi kapezekedwe, makamaka funso loti kodi chinthucho mungachipeze usiku pakati pamene mwana wayamba kutsokomola, msika utatsekedwa. Chachitatu ndi ntchito yake, kukonza ndi kusunga. Chachinayi, chimene ine ndimachiika patsogolo, ndi chiopsezo, ndipo apa pamafunika kufunsa kuti kwa yani. Chimene chili chabwino kwa mnyamata wa zaka 20 chikhoza kupha mwana wa miyezi isanu.

Pali odwala ena amene nkhani ya mankhwala a pakhomo siikuwakhudza n'komwe. Mwana wosakwana miyezi iwiri akatentha thupi kapena akamapuma movutika, ulendo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana wamkulupo, muvuleni malaya ali phee ndipo muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 12 akamapuma ka 50 kapena kuposa, ndi wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, chimenecho chikhoza kukhala chibayo. Chimodzimodzi ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pokoka mpweya, ngati akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akungogona osadzutsika bwino. Kwa wamkulu, zizindikiro zake ndi kubanika, kupweteka pachifuwa, magazi m'makhololo, kapena chifuwa chopitirira milungu iwiri. Ndipo kuno kwathu kutentha thupi kulikonse kumafuna kuyezetsa malungo kaye. Zimene zikutsatirazi ndi za chimfine wamba: mamina, kuyetsemula, kukhosi kokanda, chifuwa chosalepheretsa munthu kudya ndi kuyenda.

Uchi, mandimu ndi jinja

Pa zitatuzi, chogwira ntchito kwambiri ndi uchi. Umamata kukhosi n'kuziziritsa pamene pakukanda, ndipo pa mankhwala onse a pakhomo ndi umene kafukufuku wa ana opitirira chaka waonetsa kuti umachepetsako kutsokomola kwa usiku. Sikuti umathetseratu, koma mwana amagonako, mayi nawonso n'kugonako. Abale athu a ku Britain akadwala chifuwa, a zaumoyo kumeneko amawauzanso zomwezi za uchi ndi mandimu m'madzi otentha. Mandimu amakometsa chakumwacho kuti munthu amwe madzi ambiri, koma vitamini C wake sachiza chimfine chimene chayamba kale, ndipo mukawawiritsa nthawi yaitali vitaminiyo amaonongeka. Finyirani m'kapu madzi ataphulidwa kale. Jinja amatenthetsa m'thupi ndipo amathandiza mseru.

Mtengo: iyi ndiyo njira yodula pa zonse za pakhomo, chifukwa cha uchiwo. Koma sumwedwa wambiri. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu amakwanira ndi theka la sipuni ya tiyi kapena sipuni imodzi pogona, wamkulu sipuni imodzi kapena ziwiri. Kabotolo kamodzi kamatha kuoloka nako chisanu chonse ngati ana sakudziwa pamene mwakabisa.

Kapezekedwe: mandimu amapsa nyengo yomweyi ya chisanu, ndiye pamsika amakhala mbwee, ndipo amene ali ndi mtengo kuseri kwa nyumba sagula. Jinja ali m'misika yonse ya m'tauni. Vuto lili pa uchi weniweni, poti wina wogulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu amakhala atauthira madzi a shuga. Zoyesa ndi machesi kapena kudonthezera m'madzi n'zosadalirika. Gulani kwa mlimi wa njuchi amene mukumudziwa, kapena wa m'sitolo wokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Uchi ukauma n'kuchita timibulu musautaye poganiza kuti ndi wachinyengo, uchi weniweni umatero kukazizira. Ikani botololo m'madzi ofunda, usungunuka.

Ntchito yake: yochepa. Uchi wotsekedwa bwino umakhala nthawi yaitali, bola osalowetsamo sipuni yonyowa. Jinja amafota msanga pamtunda, koma mukamukwirira mumchenga wouma amakhalitsa.

Chiopsezo: chachikulu ndi chimodzi, ndipo pano palibe kukambirana. Mwana wosakwana chaka asalawe uchi, ngakhale kadontho ka pachala. Mu uchi mumatha kukhala mbewu za bakiteriya woyambitsa matenda otchedwa botulism. M'matumbo a wamkulu sizichita kanthu, koma mwa khanda zimamera n'kutulutsa poizoni wofooketsa minofu: mwana amadzimbidwa, amalephera kuyamwa, amalira mofooka, thupi lonse n'kulefuka, mpaka kupuma kumene kumavuta. Kuwiritsa uchiwo sikupha mbewuzo. Ena ofunika kusamala ndi odwala shuga, poti uchi ndi shuga ndithu, ndi amene amavutika ndi chilungulira, amene mandimu ndi jinja wambiri amawawonjezera moto pamtima. Ana atsuke mkamwa akamwa, kuopa mano. Za kuthiramo kachasu pang'ono "kuti chifuwa chipse", zimenezo ndi ludzu chabe, ndipo kwa mwana n'zoopsa.

Kufukiza nthunzi ya bulugama

Iyi ndiyo njira imene anthu amaikhulupirira kwambiri, ndipo inatchuka koposa m'miyezi yoyambirira ya 2021 pamene Covid-19 inavuta. Kachitidwe kake mukukadziwa. Poto wamkulu pamoto, masamba a bulugama odzaza, ena n'kuwonjezera a gwafa, a mango ndi a mandimu. Madzi akabwadamuka poto amaphulidwa, wodwala amakhala pakampando miyendo itatangadza potoyo, bulangete n'kumufunditsa mpaka pansi. Mkatimo muli mdima, maso sakutseguka ndi nthunzi, thukuta lili kamukamu, ndipo wina panja akugwirizira bulangete kuti "mphamvu isathawe". Akatuluka mphuno zatseguka, mutu wapepuka, ndipo amalumbira kuti matenda atuluka ndi thukuta.

Kupepukako n'koona. Chinyezi chofunda chimafewetsa mamina, ndipo fungo la bulugama limapangitsa mphuno kumveka ngati zatseguka. Koma n'kwa kanthawi, posakhalitsa mphuno zimatsekanso. Nthunzi siipha vairasi amene ali kale m'thupi, ndipo ofufuza atayerekeza anthu ofukiza ndi osafukiza sanapeze umboni wooneka woti ofukiza amachira msanga.

Mtengo: masamba ndi aulere kwa ambiri, koma moto si waulere. Kuwiritsa poto wamkulu kawiri patsiku kwa masiku anayi kumadya makala kapena nkhuni zochuluka, ndipo m'tauni ndalama imeneyo ikhoza kukwana kabotolo ka uchi.

Kapezekedwe: mtengo wa bulugama, umene kwawo ndi ku Australia, unadzalidwa pafupifupi paliponse m'Malawi, m'malire a minda, pasukulu, m'maesiteti a fodya ndi a tiyi. Kumudzi susowa. M'tauni umafuna kupempha kwa eni ake.

Ntchito yake: yambiri kuposa njira ina iliyonse. Kuthyola, kutsuka, kusonkha moto, kudikira, kenako kuyanika bulangete lonyowa m'nyengo imene dzuwa likusowa. Wodwala yekha sangathe, amafuna womuthandiza.

Chiopsezo: apa ndi pamene ndimasiyana ndi agogo athu. Pansi pa bulangete pali madzi owira, ndipo munthu sakuona. Mwendo ukangogunda poto, madziwo amathera pantchafu ndi pamimba. Kwa mwana n'zoposa apo, chifukwa amaopa mdima ndi kutentha, amaphiriphitha, ndipo mayi amene wamufungatira pamiyendo sangagwire mwana ndi poto nthawi imodzi. Khungu la mwana ndi lopyapyala, limapsa mozama m'kanthawi kochepa. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli wodi ya anthu opsa, ndipo ambiri ogonekedwa kumeneko ndi ana aang'ono opsa ndi madzi otentha, phala kapena moto. Chimfine chikanatha chokha m'mlungu umodzi, chipsera ndi cha moyo wonse.

Ngozi ina ndi ya amene amalowetsa mbaula m'chipinda kuti madzi asazizire, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima kapena BP amatha kuchita chizungulire ndi kutenthako n'kugwera m'potomo. Ena a mphumu fungo lamphamvulo limawabanikitsa. Ndipo mafuta a bulugama a m'kabotolo ndi onunkhiza chabe, mwana akamwa ngakhale pang'ono ndi poizoni.

Wamkulu amene akufunabe kufukiza atsanulire madziwo m'beseni lokhazikika patebulo, awasiye aphweko mphindi zingapo, afunde thaulo kumutu kokha, ndipo mphindi khumi zakwana. Ana akhale panja. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, osapaka dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, kenako kuchipatala.

Madzi amchere

Njira imeneyi anthu amaiderera chifukwa ilibe fungo, siiwawa ndipo siitulutsa thukuta. Koma pa kukhosi kopweteka ndi mphuno zotseka, ndi imene ine ndingayambire. Theka la sipuni ya tiyi ya mchere m'kapu imodzi ya madzi ofunda, kuchukucha kukhosi mutu utapenya kumwamba, n'kulavula. Katatu kapena kanayi patsiku. Ululu pomeza umachepa kwa kanthawi, ndipo makhololo amamasuka.

Mtengo ndi kapezekedwe: palibe cholankhula, mchere uli m'khitchini iliyonse usana ndi usiku.

Ntchito yake: kufunditsa madzi basi. Ngati ndi a m'mphuno, madziwo akhale owiritsa n'kuzizira, kapu ikhale yoyera, ndipo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Mwana woyamwa amene mphuno zatseka amalephera kuyamwa bwino, chifukwa amayamwa uku akupumira m'mphuno. Kadontho kamodzi kapena tiwiri m'mphuno iliyonse asanayamwe, kenako kupukuta ndi kansalu kofewa, kamathandiza kwambiri. Ku famase amagulitsa madzi amchere okonzeratu a m'mphuno, ndipo kwa khanda amenewo ndiwo abwino chifukwa muyeso ndi ukhondo wake n'zotsimikizika.

Chiopsezo: chochepa. Mchere ukachuluka umalula m'mphuno, ndiye musawonjezere muyeso. Ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi ambiri sadziwa kuchukucha, amangomeza, choncho asiyeni. Odwala BP alavule ndithu.

Adyo

Adyo akasinjidwa amatulutsa madzi aukali amene amapha tizilombo tina m'mbale za ofufuza. Kuchoka pamenepo kufika pa kuchiza munthu amene wadwala kale chimfine, umboni ndi wochepa kwambiri. Mu ndiwo ndi wabwino, ndipo kwa wodwala amene mkamwa mwazizira, msuzi wotentha wa adyo ndi jinja umabwezeretsa chilakolako cha chakudya. Phindu lake lenileni ndi limenelo.

Mtengo wake ndi wapakati, ndipo amapezeka m'misika chaka chonse ngakhale kumudzi si nyumba zonse zimene zimasunga. Sasowa ntchito yambiri, amakhala milungu ingapo pamalo ouma popita mphepo. Chiopsezo chili pa kupyola muyeso. Adyo wosaphika pamimba yopanda kanthu amaotcha m'mimba, makamaka kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba. Wosinja akamangidwa pachifuwa kapena kumapazi kwa mwana amaotcha khungu mpaka matuza. M'mphuno ndi m'khutu musalowe adyo. Amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, asamadye wambiri tsiku ndi tsiku, poti magazi amachedwa kusiya akavulala, ndipo amene ali pa ma ARV ayambe afunsa kuchipatala asanasandutse adyo mankhwala a tsiku lililonse.

Nimu ndi masamba ena owawa

Mtengo wa nimu unachokera ku India ndi maiko oyandikana nako, ndipo unakonda madera athu otentha: Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima. Mthunzi wake ndi wabwino, ndipo masamba ake alimi amatetezera mbewu ku tizilombo. Mbiri yake monga mankhwala akumwa yatsamira pa chikhulupiriro choti chowawa ndicho chimachiza. Amene analawako madzi a nimu amadziwa kuti kuwawa kwake kumatsalira kukhosi mpaka mawa, ndipo munthu akapirira zotere amafuna ndithu kukhulupirira kuti sizinapite pachabe.

Mtengo: waulere kumene umamera.

Kapezekedwe: wosavuta kuchigwa ndi kunyanja, wosowa kumapiri kozizira monga ku Dedza, kumene chimfine chimavuta kwambiri.

Ntchito yake: kuthyola, kusinja kapena kuwiritsa, kusefa. Madzi ake sachedwa kusasa, ogona sayenera kumwedwa.

Chiopsezo: choyamba ndi muyeso. "Masamba odzaza dzanja" ndi dzanja la yani? Masamba anthete ndi okhwima sali ndi mphamvu yofanana, owiritsa mphindi zisanu ndi owiritsa ola lathunthu n'zosiyana, choncho palibe amene amadziwa kuchuluka kwa zimene wamwa. Ku India ndi ku Malaysia madokotala analembapo za makanda amene anasanza, kukomoka, ena mpaka kumwalira atamwetsedwa mafuta a njere za nimu. Amayi oyembekezera ayenera kupewa nimu. Nimu amatsitsanso shuga m'magazi, zimene zili zoopsa kwa amene akumwa kale mankhwala a shuga. Alovera wowawa uja, amene ena amasakaniza ndi nimu, amatsegula m'mimba, ndipo wodwala amene akufunika madzi m'thupi amangowataya.

Koma choipitsitsa pa nimu si masambawo ayi, ndi masiku amene amadya. Nimu amamwedwa kwambiri pamene thupi latentha ndi kuphwanya, zizindikiro zimene chimfine chimagawana ndi malungo. Banja limati tiyambe tayesa masamba, mawa tione, mkuja tione. Malungo mwa mwana wamng'ono sadikira mkuja. Kuyezetsa ndi kadontho ka magazi a pachala, zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20, ndipo m'zipatala za boma kuyezetsako ndi mankhwala a malungo a LA n'zaulere. M'midzi yambiri yakutali alangizi a zaumoyo ali ndi timakiliniki ta m'mudzi tothandiza ana osakwana zaka zisanu. Pa chimfine wamba nimu alibe ntchito, pa malungo si mankhwala, ndiye ine sindimuikira kumbuyo pena paliponse pa nkhani ya chifuwa ndi kutentha thupi.

Za pa okala ndi ku famase

Izi si za makolo, koma ndi zimene munthu amayerekeza nazo akaima pakhomo ndi ndalama m'manja. Zili mitundu itatu ndipo siziyenera kuikidwa m'thumba limodzi.

Panado, amene dzina la mankhwala ake ndi paracetamol, amachita chimene masamba onse aja sachita: amatsitsa kutentha thupi ndi kuletsa mutu ndi kuphwanya. Ndi wotsika mtengo, ali pa okala iliyonse, ndipo kusunga kwake ndi pouma, patali ndi ana. Wamkulu amamwa mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi pa maola 24, motalikitsa maola anayi kapena kuposa. Kupyola apo kumaononga chiwindi, ndipo anthu amapyola mosadziwa pomwa Panado pamodzi ndi mapiritsi ena a chimfine amene ali kale ndi paracetamol mkati. Werengani pepala. Muyeso wa mwana umatsata kulemera kwake, funsani kusikelo. Asipulini asaperekedwe kwa ana osakwana zaka 16. Dziwaninso kuti Panado amaziziritsa thupi ngakhale la wodwala malungo, matendawo ali chikhalire.

Mankhwala amadzi a chifuwa, a m'timabotolo aja, ndi odula ndipo phindu lake ndi lokayikitsa. Ambiri saloledwa kwa ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi, ena amagonetsa, ndipo pa chifuwa cha usiku saposa uchi kwenikweni. Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira ndi matenda a impso amene anakhudzana ndi mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine okhala ndi poizoni, mpaka bungwe la World Health Organization linatulutsa chenjezo. Ngati mukugula, gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, osati pa benchi padzuwa. Mafuta opaka pachifuwa ngati Vicks si a ana osakwana zaka ziwiri, ndipo si a m'mphuno kapena kumeza.

Achitatu ndi makapusozi, amoxicillin ndi Bactrim wogula awiriawiri. Amenewa amapha mabakiteriya, pa vairasi ya chimfine alibe chochita. Ndalama yapita, mwina n'kutsegula m'mimba kapena zidzolo, ndipo mabakiteriya a m'thupi akuphunzira kuwapirira, kuti tsiku limene chibayo chenicheni chidzabwere mankhwalawo adzakhale atafooka.

Ndiye yani atenge chiyani?

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi mankhwala ake ndi bere, pafupipafupi, ndi kadontho ka madzi amchere m'mphuno zikatseka. Asamwe tiyi, uchi, madzi a masamba, ngakhale madzi wamba. Kuyambira miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, onjezerani phala lofunda ndi madzi owiritsa, uchi ayi. Apa ndi pamene pamabuka mkangano ndi agogo kapena apongozi, amene analera ana asanu ndi atatu ndi uchi womwewo. Kukangana nawo pa za mabakiteriya sikupita patali. Chimene chimathandiza ndi kuwapatsa ntchito ina, monga kufungatira mdzukulu chokhala tsonga kuti apume bwino, kapena kupita nawo kusikelo kuti akamve okha kwa anamwino.

Mwana wa chaka mpaka zaka zisanu amene akusewera ndi kudya koma akutsokomola usiku, uchi pogona ndi zakumwa zofunda masana. Muchotseni kukhitchini pophika, poti utsi wa nkhuni umakolezera chifuwa kuposa mphepo imene timaiopa ija. Nthunzi ayi. Thupi likatentha, kukayezetsa malungo tsiku lomwelo, ndipo muziwerenga kapumidwe kake.

Mwana wa sukulu ndi wamkulu wathanzi ali ndi ufulu wosankha. Kukhosi kukamapweteka, mchere. Chifuwa chikamalepheretsa tulo, uchi ndi mandimu. Mutu ndi kuphwanya, Panado pa muyeso wake. Wamkulu amene mphuno zatsekeratu ndipo mtima wake uli pa bulugama, beseni patebulo, osati poto pansi pa bulangete. Ngati ndalama palibiretu, mchere ndi madzi ofunda a mandimu othira shuga pang'ono zikwanira, simunataye zambiri.

Mayi woyembekezera akhale pa mchere, uchi ndi mandimu, jinja wa muyeso wa m'tiyi, ndipo atalikirane ndi nimu, alovera ndi bulangete la nthunzi. Kutentha thupi kwa iye ndi nkhani ya kuchipatala mosachedwa, chifukwa malungo amaopseza iye ndi mwana yemwe. Odwala shuga asankhe mchere m'malo mwa uchi. Odwala mphumu asasiye mankhwala awo opopera pofuna kuyesa masamba. Okalamba ndi amene ali ndi matenda a mtima asamadikire masiku ambiri, poti chimfine mwa iwo sichichedwa kusanduka chibayo. Amene ali kutali ndi chipatala ndipo akukayika, Chipatala cha pa Foni cha Unduna wa Zaumoyo chimapereka uphungu pa lamya.

Amene chifuwa chake chadutsa milungu iwiri, makamaka ngati akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena thupi limatentha madzulo, asiye kusinthasintha masamba n'kupita kukapereka makhololo kuti ayezedwe chifuwa chachikulu. Amene ali ndi HIV asadikire n'komwe milungu iwiriyo. Kuyezetsa ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma, mankhwalawo nthawi zambiri amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ana aang'ono ogona nyumba imodzi ndi wodwalayo amafunika kukaonedwa nawonso.